Facial ya mwezi ndi mwezi: kodi ingachotse ziphuphu ndi madontho akuda?

Mayi wina wa ku Katoto, kuno ku Mzuzu, wanditumizira imelo. Akuti ali ndi zaka 31, nkhope yake imatuluka ziphuphu, ndipo zikapola zimasiya madontho akuda. Pamalo ena okonza khungu, amene amati ali ndi anthu a zachipatala, amuuza kuti azipita mwezi uliwonse kukachita facial, kutanthauza kukonzetsa khungu la kumaso. Kumapeto kwa imeloyo waonjezera kuti wakhala akudzola mafuta oyeretsa khungu kwa chaka chathunthu. Funso lake ndi lakuti ayambe kapena ayi.

Achemwali, ndiyambira pa mawu anu omalizawo, chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Tengani kachubu ka mafutawo muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, ena amakhala ndi hydroquinone, ena mpaka mercury. Steroid ikadzoledwa nthawi yaitali khungu limapyapyala, timitsempha timayamba kuonekera m'masaya, ndipo iyo yomweyo imatulutsa tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula. N'kutheka kuti zimene mukufuna kukachotsa ku facial zikuchokera m'kachubuko. Khungu lotere likapakidwa asidi amene amasupula khungu, uja amati peel, limapsa msanga. Komanso musasiye mafutawo tsiku limodzi panokha, chifukwa nkhope imatha kufiira, kuyabwa ndi kutentha ngati mwadzola tsabola. Pitani nako kachubuko kuchipatala, kaya ku Mzuzu Central Hospital, akuuzeni kasiyidwe kake.

Facial yeniyeni ilibe vuto. Amakutsukani nkhope, amaifewetsa ndi nthunzi, amachotsa timitu takuda totseka timabowo ta pakhungu, kenako amapaka zofewetsa. Munthu umatulukamo nkhope ili see, mtima uli m'malo. Zoti mwezi uliwonse zimachokera pa mfundo yakuti khungu lapamwamba limasinthika pakatha masiku pafupifupi 28, ngakhale kuti munthu akamakula limachedwerapo. Koma ziphuphu zimayambira mkati, pomwe mafuta a m'thupi, khungu lakufa ndi mabakiteriya zimatsekerana m'kabowo, ndipo nthawi zambiri mahomoni ndi amene amasonkhezera moto. Ola limodzi pamwezi silingathane nazo zimenezo. Mankhwala odzola monga benzoyl peroxide kapena adapalene ndi amene amagwira ntchitoyo, ndipo amafuna kudekha, masabata 8 mpaka 12 musanaone kusintha kwenikweni. Ngati ndinu oyembekezera nenani msanga, adapalene sayenera.

Za madonthozo ndikuzidziwa bwino. Zaka zapitazo, ukwati wa mng'ono wanga utatsala masiku anayi, ndinalowa mu saluni ina m'tauni muno. Mtsikana amene ankandikonza anafinya chiphuphu chofiira cha pachibwano ndi zikhadabo, wopanda magolovesi, mpaka misozi inalengeza m'maso. Ndinangoti chete poganiza kuti ndi mmene ntchitoyo imakhalira. Chiphuphucho chinapola patatha sabata, koma dontho lake ndinayenda nalo miyezi inayi. Khungu lathu lakuda likavulala pang'ono pokha limatulutsa melanin (chimene chimapatsa khungu mtundu wakuda) wambiri pamalopo, n'chifukwa chake kufinya mwamphamvu, kukhula ndi scrub yokhakhala kapena peel yaukali zimatisiyira zipsera kuposa anthu oyera khungu.

Khungu likadzachira n'kufunabe facial, funsani mopanda manyazi. Amene akupakeni asidiyo ndani, anaphunzira kuti? Ngati akuti ndi dokotala kapena clinical officer, ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Gawuni yoyera si chiphaso. Muone botololo ndi maso anu, kaya ndi salicylic acid kapena glycolic acid, ndi mphamvu yake. Wodziwa ntchito amayamba wakufunsani zimene mumadzola, ndipo chiphuphu chotupa chopweteka sachikhudza.

Ndalama ya facial yoyamba ndikanakonda mugulire mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo. Ambiri kuno amanyengedwa ndi chifunga cha m'mawa ndi kuzizira kwa mu June ndi July, n'kumati dzuwa la ku Mzuzu ndi lofatsa poyerekeza ndi la ku Karonga. Komatu tauni yathu ili pamtunda wokwera mamita opitirira 1,200, ndipo kuwala kwa dzuwa kowononga khungu, kuja amati UV, kumadutsa m'mitambo. Ulendo wa pa kabaza kuchokera ku Katoto kukafika kumsika tsiku ndi tsiku ndi wokwanira kudetsa dontho limene linayamba kuzimiririka. Sambani kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, dzolani zofewetsa khungu nyengo yozizira pamene masaya amatuwa, ndipo manja asamapitepite kumaso. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze zimene anena kuchipatala za kachubu kaja, kenako tidzakambirane za facial.