Kupukwa nyengo imene sunaione: yankho kwa mnyamata wa gitala

Kalata imene yandikhazika pansi lero yachokera kwa mnyamata wa zaka 23 amene amaimba gitala ndi anzake ku Lilongwe. Akuti amakonda nyimbo za rock zatsopano koma zomveka ngati zinajambulidwa m'ma 1970, ndipo mkulu wake amamuseka kuti akulira maliro a munthu amene sanamuonepo. Akufunsa ngati chimene chimamukoka ndi nyimbozo kapena ndi kupukwa chabe, komanso ngati gulu lawo lipitirize kuimba motero.

Achimwene, mwandigunda pachilonda. Mawu a akulu anuwo ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili kusekondale, ndipo mpaka pano amandiwawa.

Bambo anga anagwirapo ntchito ku migodi ya mkuwa ku Kitwe, monga anachitira Amalawi ambiri a msinkhu wawo. Pobwerera kumudzi anatenga sutikesi, njinga ndi katoni ya mbale za galamafoni. Ine ndinabadwa magulu a m'mbalezo atabalalika kale. Koma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, mayi ali kukhitchini, bambo ankatulutsa galamafoni ija pakhonde, n'kuilumikiza ku batire la galimoto, n'kupukuta mbale ndi kansalu kamene palibe mwana ankaloledwa kukakhudza. Kenako gitala uja ankayamba, wosasa mawu, waukali, wosiyana kotheratu ndi zimene tinkamva pa wailesi. Bambo anali munthu wosalankhulalankhula. Tinkawaopa. Koma nyimbo ikafika pakati phazi lawo linkayamba kugunda pansi, ndipo ankayamba kutchula mayina: uje amene ankavina mpaka malaya kunyowa, uje amene anagulitsa wotchi kuti alipire pakhomo la holo, uje amene anabwerera kwawo ku Chipata osamvekanso. Ine ndinkakhala pamkeka n'kumamvera. Kitwe ndinali ndisanamuonepo, koma ndinkamusowa ngati kwathu. Ndinkafuna ndikadakhalapo usiku umenewo, ndione bambo anga akuseka ndi anzawo asanakhale munthu wachete uja.

Ndiye mukandifunsa ngati munthu angapukwe nyengo imene sanaione, ndikuti inde, ndipo palibe chochititsa manyazi. Akatswiri a maganizo a anthu anapeza kalekale kuti nyimbo zimene munthu amamva ali wachinyamata ndi zimene zimakhazikika kwambiri mumtima. Mu 2013 ofufuza a ku Cornell University ku America anaonetsanso china: ophunzira amene anawafunsa ankakumbukira ndi kukonda nyimbo za nthawi imene makolo awo anali achinyamata, chifukwa ndi zimene zinkalira m'nyumba iwo ali ana. Kupukwa kumasiyiranidwa. Mwana amatengera.

Koma apa ndi pamene ndimayamba kutentha mtima, ndipo mundipirire.

Nyimbo zimene bambo ankaika zija lero zili ndi dzina, Zamrock, ndipo zikugulidwa ku Ulaya ndi ku America. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unkabweretsa ndalama, ndipo anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka ankamvera Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown. Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, magulu anachuluka: WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Woimba wamkulu wa WITCH, Emmanuel Chanda, anthu anamutcha Jagari chifukwa ankadumpha pansanja ngati Mick Jagger wa The Rolling Stones. Ankasakaniza Chingerezi, Chibemba ndi Chinyanja, ng'oma zikuyenda mwa kwathu kuno, gitala akulira mwa kunja.

Sizinakhalitse. Cha m'ma 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa m'matumba, nkhondo za ufulu za mayiko oyandikana zinabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo magulu anayamba kuimba masana. Disco ndi kalindula zinalanda malo. Kenako Edzi inabwera n'kusesa. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anthu amene anayambitsa WITCH, amene anatsala ndi moyo ndi Jagari yekha, ndipo anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kuti adyetse banja. Zinatengera kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, kuti nyimbozi zitulukenso m'ma 2010, ndipo WITCH inadzatulutsa chimbale chatsopano mu 2023, patapita zaka 39.

Ndimakondwa kuti Jagari waona ulemu ali moyo. Koma ndikamawerenga anthu akulemba kuti imeneyo inali nyengo yokoma, yaufulu, pamene nyimbo zinali zenizeni, ndimafuna kuwafunsa kuti yokoma kwa yani? Bambo anga sankatchula mayina aja chifukwa cha chimwemwe chokha. Ambiri mwa anzawowo anali atagona. Ndipo kuno kwathu nkhani inali inanso. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, amuna atsitsi lalitali ankametedwa, mathalauza otambalala kumapazi anali mlandu, bungwe loona zoyenera kuulutsidwa linkasefa chilichonse, wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi yakanema yathu inadzayamba mu 1999. Mnyamata wa ku Ndirande amene akanafuna kuvala ndi kuimba ngati Jagari akanakumana nazo. Choncho kupukwa kumene kumangotenga malaya amaluwamaluwa ndi tsitsi, n'kuiwala maliro ndi mantha, ine ndimakukana. Ndi bodza. Ngati mukufuna kukonda nyengo imeneyo, ikondeni yonse, ndi zilonda zake zomwe.

Nanga kukopera?

Akulu anuwo mwina akuganiza za magulu ngati Greta Van Fleet a ku Michigan. Anyamatawa anabadwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pomwe Led Zeppelin, gulu la rock la ku England, inatha mu 1980 woimba ng'oma wawo John Bonham atamwalira, koma mawu ndi magitala awo amafanana ndi a gulu lakalelo moti ukhoza kusokonezeka. Anapata mphoto ya Grammy mu 2019, ndipo olemba za nyimbo ambiri anawanyoza. Ine sindiwanyoza chifukwa choyang'ana m'mbuyo. Rock yakhala ikuyang'ana m'mbuyo chiyambire. The Rolling Stones anatenga dzina lawo ku nyimbo ya Muddy Waters, woimba blues wa ku America. Led Zeppelin yeniyeniyo inatola zambiri kwa oimba blues akuda a ku America, mpaka Willie Dixon anawasumira mu 1985. Jagari naye dzina lake lomwe ndi lobwereka. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti ndikamvera anyamata a ku Michigan aja sindimva Michigan, sindimva zimene zimawasowetsa tulo. Pamene ndikamvera Ngozi Family ndimamva komboni, njala, ndewu za m'banja, munthu amene akukuchenjeza maso ali gwa. Onse anabwereka, koma wina anaikamo moyo wake.

Onaninso The White Stripes a ku Detroit. Anali awiri okha, gitala ndi ng'oma, ndipo chimbale chawo cha 2003 anakachijambulira ku London mu situdiyo ya zipangizo zakale, yopanda kompyuta. Palibe amene angawasokoneze ndi gulu la m'ma 1960. Zipangizo zinali zakale koma ukali unali wawo.

Apa mpamene ndikuona kuti mawu akuti kupukwa sakufotokoza zonse. Nyimbo zambiri za masiku ano zimamangidwa pa kompyuta chidutswa ndi chidutswa. Ng'oma imayalidwa pa mzere kuti isaphonye ngakhale pang'ono, mawu a woimba amawongoledwa ndi makina. Sindikuti n'zoipa, ndipo zina ndimavina nazo pa ukwati. Koma khutu limatopa ndi chinthu chosalala kwambiri. M'mbale zakale zija anthu anayi kapena asanu ankaimba pamodzi m'chipinda chimodzi. Woimba ng'oma akatenthedwa ankathamanga pang'ono ndipo anzake ankamutsata. Gitala ankadutsa m'kachipangizo kopondera kotchedwa fuzz, kamene kamaswa mawu dala. Tepi inali yodula, kubwereza kunali kochepa, ndiye zophonya zina zinkatsala momwemo. Mwana wa zaka 23 akamva zimenezi n'kudzidzimuka, sakukumbukira 1975. Akumva anthu amoyo akudalirana, chinthu chimene sachipeza kawirikawiri pa foni yake. Njala imeneyo ndi ya lero.

Ndipatuke pang'ono. Mu 2022 ku America mbale za galamafoni zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987. Ena amagula mbalezi alibe n'komwe choimbira, amangozikhoma kukhoma. Pamenepo kupukwa kwasanduka malonda, ndipo makampani akudziwa bwino kuti munthu wosowa kwawo sawerengera ndalama. Katoni ya bambo anga ija inatha ndi chinyezi ndi chiswe titasamuka, ndipo mbale zofanana nazo lero zimagulitsidwa pa mtengo umene oimba ake sanaugwirepo m'manja. Zimenezi zimandipweteka kuposa zonse zimene ndalemba pano. Ndimaganizanso za akuluakulu athu monga Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, kuti ndi anyamata angati oimba gitala mu Lilongwe amene anakhalapo pansi n'kumvetsera mmene zala zake zinkayendera. Timathamangira ku England ndi ku Detroit kukafuna zakale, pomwe zakale zathu zikuwola m'makatoni. Ngakhale Sampa the Great, mwana wa ku Zambia amene anatchukira ku Australia, atabwerera kwawo anatola Zamrock n'kuiika m'nyimbo zake, ndipo woimba wa ku America Tyler, the Creator anadula chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake mu 2024. Akunja akuona chuma pamene ife tikudutsapo.

Tsono za gulu lanu, achimwene, musasiye. Pitirizani ndi gitala wosasa uja ngati ndi amene amakugwedezani. Koma muziimba za Lilongwe wa lero, za lendi, za kudikira ntchito, za mafuta osowa, m'chilankhulo chimene mumakangana nacho kunyumba. Pojambula, imbani nonse pamodzi m'chipinda chimodzi, ngakhale ndi maikolofoni awiri okha, ndipo musafufute chophonya chilichonse. Funani mkulu wina amene ankaimba m'magulu a kale, alipo ndithu m'makomboni ndi m'matchalitchi, mukhale naye akuonetseni kakhudzidwe ka nsambo. Nyimbo zikatha kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, musanazitulutse, musasaine pepala lililonse lopereka umwini musanaliwerengetse kwa wodziwa malamulo, ndipo zojambula zoyambirira muzisunge malo awiri osiyana.