Kodi Zasinthadi pa Nkhani ya Matenda a Maganizo?

Mwafunsa ngati pali chimene chasintha pa mmene anthu odwala matenda a maganizo amaonedwera, kapena ngati zonse zimangothera pa zolankhula za pa 10 October, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo lomwe linayamba mu 1992. Mmene ine ndikuonera, malamulo asintha kwambiri, koma mitima ya anthu ndiponso ndalama zimene maboma amaika pa ntchitoyi zatsalira kutali.

Kale munthu akasokonezeka maganizo ankatsekeredwa m'zipatala zikuluzikulu zakutali ndi anthu, nthawi zambiri mpaka imfa yake, ndipo cholinga chenicheni chinali kumuchotsa pamaso pa anthu osati kumuchiza. Zinthu zinayamba kutembenuka pamene mankhwala a chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, chifukwa odwala ambiri anakhazikika mpaka kutha kukhala ndi abale awo. Dziko la Italy, potsatira ntchito ya dokotala Franco Basaglia, linakhazikitsa lamulo mu 1978 loti zipatala zotsekeramo odwalazi zitsekedwe pang'onopang'ono. Kenako mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, lomwe limakhudzanso odwala maganizo ndipo limanena kuti munthu sataya ufulu wosankha za moyo wake chifukwa cha kudwala.

Kusintha kumene ndimakuona kukhala kwakukulu ndi kwa malamulo okhudza kudzipha. M'mayiko ambiri munthu wofuna kudzipha akapulumuka ankamangidwa ndi kukaimbidwa mlandu, ndipo m'mayiko ena zikadali choncho. Dziko la England linathetsa mlanduwu mu 1961, India inachotsa chilangocho kudzera m'lamulo la 2017, ndipo Ghana inachita chimodzimodzi mu 2023. Ena amaopa kuti kuchotsa chilango n'kulimbikitsa mchitidwewu, koma munthu amene wafika pofuna kutaya moyo wake saopa ndende. Amene amaopa ndi abale ake, omwe amabisa nkhaniyo ndi kuzengereza kupita naye kuchipatala poopa apolisi, ndipo potero mwayi womupulumutsa umatayika.

Komabe lamulo labwino silichiza munthu likangokhala papepala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto la maganizo, pamene maboma ambiri amapereka pafupifupi 2 peresenti yokha ya ndalama za zaumoyo ku ntchitoyi. Mu 2020 bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linapeza kuti m'mayiko 60 odwala akadamangidwabe ndi maunyolo kapena kutsekeredwa m'tizipinda. Sindifulumira kuweruza mabanja amene amamanga odwala awo motere kuti ndi ankhanza, pakuti ambiri amachita zimenezi atathedwa nzeru, mankhwala kulibe, dokotala ali kutali, ndipo wodwalayo akhoza kusowa kapena kudzivulaza. N'chifukwa chake ndimayamikira njira ngati ya Friendship Bench imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe, pomwe agogo aakazi amaphunzitsidwa kupereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo pafupi ndi kwawo.

Pa nkhani yozindikiritsa anthu, kupita patsogolo kulipo koma kwakondera mbali imodzi. Lero munthu akhoza kunena poyera kuti ali ndi nkhawa kapena akuvutika maganizo, anzake n'kumumvetsa. Koma wodwala schizophrenia, amene amamva mawu omwe ena sakuwamva, akadasalidwabe pa ntchito, pa ukwati ngakhale m'chipatala momwe, ngakhale kuti ambiri mwa odwalawa sachita chiwawa, ndipo kawirikawiri iwowo ndi amene amachitidwa nkhanza.