Mfuti ya agogo ikugwedera, vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi mfuti ya Winchester 1873 ya zipolopolo za .44-40 yomwe anasiya malemu agogo, mapepala akupolisi ndinakonza. Liva yake (chogwirira chapansi cholowetsera chipolopolo) imalendewera yokha, ndipo ndikaombera, kachitsulo kapakati kunsi kwa chigoba kamatuluka pang'ono. Kodi mpope watha? Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu.

Yankho: Bambo, mpope musaunamizire. Apa pali mavuto awiri, lina laling'ono, lina loopsa.

Liva yolendewera kawirikawiri ndi sipuling'i yake yafooka kapena sikuluu yake yamasuka. Imeneyo ndi ntchito yochepa.

Nkhani yaikulu ndi ya chigoba. Kachitsulo mukunenako ndi primer, ndipo kakamatuluka ndiye kuti bolt, chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope, sikukanikiza chipolopolo mokwanira, pali mpata kumbuyo. Mu Winchester 1873, bolt imagwidwa ndi timikono tachitsulo topindika ngati bondo, toggle link, kumanzere ndi kumanja. Mapini ake akadyeka, mabowo amasanduka obulungira motalika ndipo bolt imabwerera m'mbuyo mfuti ikalira. Onaninso ngati chigoba chatupa kapena chili ndi mzere wowala pafupi ndi kunsi. Chigoba chotero chikhoza kuduka, mpweya wamoto n'kukuwotchani kumaso.

Chotsani zipolopolo zonse, onetsetsani kawiri. Gonekani mfuti cham'mbali, masulani sikuluu yogwira mbale zam'mbali, koma samalani poti timikonoto timagwa tokha. Tsukani ndi palafini; chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimabisa ming'alu pansi pa dzimbiri ndi girisi wakale. Bwezerani, tsekani liva, kenako kankhani bolt. Ikasuntha, siyani kuombera mpaka mmisiri wovomerezeka ayeze mpata uja ndi chida chotchedwa headspace gauge. Timikono timasinthidwa tonse pamodzi, osati mbali imodzi, ndipo zopita nato kowotcherera mageti iwalani.

Yesaninso hamala, chitsulo chakumbuyo chomwe chimamenya kuti mfuti ilire: ikokeni mpaka kumapeto, muikankhe ndi chala osakhudza chokhethemulira. Ikagwa, mano ake adyeka. Ambiri amathamangira tupa, n'kuwonongeratu.

Mfutiyi inapangidwira wonga wakuda. Nambala 40 ya mu .44-40 ija ndi kulemera kwa wongawo m'magireni. Zipolopolo zamphamvu zopangidwira mfuti zolimba ngati Winchester 1892 ya John Browning ndizo zimamaliza timikono, choncho ikakonzedwa mugule zofewa zokha.