Musagule mipata isanu ija

Kalata ya mayi wina inandipeza pa imelo Lachiwiri usiku, ndipo mpaka lero ndakhala ndikuitembenuza m'mutu. Akuti atha masabata atatu pa levulo imodzi ya gemu yolumikiza timiyala titatu tofanana. Nthawi zonse amatsala pang'onong'ono kuti amalize, mipata yosunthira n'kutha, foni n'kuwafunsa ngati akufuna kugula ina isanu. Funso lawo ndi loti agule kapena angoichotsa gemuyo. Kumapeto anawonjezera kuti: "Kodi si zamanyazi munthu wamkulu ngati ine kupsa mtima ndi kanthu kotere?"

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andigwira. Palibe chamanyazi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ine ndinalowera m'zimenezi.

Bambo anga anagonekedwa m'chipatala pafupifupi miyezi iwiri, ndipo usiku wambiri wowadikirira ndinali ine. Amene anadikirirapo wodwala akudziwa kuti usiku wa m'chipatala ndi wautali kuposa usiku wina uliwonse. Sungagone, chifukwa khutu lili pa mpweya wa wodwalayo. Sungawerenge buku. Ndinayesa, koma maso ankangobwerera pa mzere umodzimodzi kakhumi, mutu uli kwa adokotala ndi zimene adzanene kukacha. Tsiku lina ndinaika kagemu ka timiyala m'foni. Ndinazimitsa mawu, n'kuchepetsa kuwala mpaka sikirini inkangooneka mwa chizimezime, n'kukhala pa mpando pafupi ndi bedi. Chala chinkakankha kofiira kuti kakumane ndi tinzake tiwiri, tonse n'kuphulika, tina n'kugwa kuchokera pamwamba. Kwa mphindi zitatu kapena zinayi mantha ankandileka. Ankabwereranso ndithu, koma mphindi zimenezo zinkandipatsa mphamvu yofika m'mawa. Munthu akamanyoza magemu amenewa kuti ndi otayitsa nthawi, ndimadziwa kuti sanakhalepo pa mpando ngati umene uja.

Usiku wina bambo anadzuka ine osadziwa. Ndinangomva akuti, "Ukuchita chiyani pamenepo?" Ndinawasendezera foni. Anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anatukula dzanja lija linali ndi diripi, n'kuloza pakona ya m'munsi pamene panali timiyala tinayi tobiriwira timene ine sindinatione. Ndinasuntha monga analozera, theka la sikirini linaphulika, iwo n'kumwetulira. Kanali koyamba kuwaona akumwetulira sabata imeneyo.

Bambo anagwira ntchito ya mu ofesi zaka zambiri, ndipo anali wa m'badwo umene unaphunzira kompyuta utakula kale. M'badwo umenewo unaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito mausi posewera makadi. Microsoft inaika Solitaire mu Windows 3.0 mu 1990, ndipo china mwa zolinga zake chinali choti anthu azolowere kugwira chinthu ndi mausi, kuchikoka, n'kukachisiya pena. Amene anailemba anali mnyamata wophunzira ntchito, Wes Cherry. Koma bambo Solitaire sankaikonda kwenikweni. Yawo inali FreeCell, ndipo usiku womwewo, ndi mawu otsika kuopa kudzutsa odwala ena, anandifotokozera chifukwa chake. Mu Solitaire makadi ambiri amakhala ovundikira, ndiye ukhoza kusewera bwino n'kulephera chifukwa kadi imene ukuifuna yakwiririka pansi. Mu FreeCell makadi onse 52 amakhala poyera kuyambira pachiyambi. "Ukalephera, walephera wekha," anatero. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwa magemu 32,000 amene anali mu FreeCell ya Windows yakale, anthu atagawana n'kuwayesa onse, ndi imodzi yokha, nambala 11982, imene inapezeka kuti ilibe njira. Ena onse yankho lake lilipo, likungodikira kuti ulione.

Mawu a bambo aja sindinawamvetse nthawi imeneyo. Ndinadzawamvetsa atatuluka m'chipatala, ine n'kupitiriza kusewera.

Chifukwa chimene ndinayambira chinali chitatha, koma chala chinali chitazolowera. Ndikadzuka, gemu. Ndikamadikira madzi kuti awire, gemu. Ndikagona n'kutseka maso ndinkaona timiyala tikugwa, ubongo uli kalikiliki kutilumikiza. Poyamba zinandiopsa, koma si zachilendo. Mu 2000 Robert Stickgold ndi anzake ku Harvard anapatsa anthu Tetris, gemu yoyala tizidutswa togwa kuchokera pamwamba, kuti asewere kwa maola angapo, ndipo ambiri ananena kuti poyamba tulo ankaona tizidutswa tikugwa. Ngakhale anthu odwala matenda oiwala, amene sankakumbukira n'komwe kuti anasewerapo, ankationa. Ubongo umapitiriza ntchito imene wauphunzitsa, kaya iwe ukufuna kaya ayi.

Kenaka ndinafika pa levulo yanga yondikanika, ngati yanuyo. Dzina la gemu sinditchula, pakuti ofanana nayo alipo mazanamazana. Tsiku ndi tsiku zinkachitika chimodzimodzi: kabokosi kamodzi katsala, mpata womaliza wapita, sikirini yachita mdima pang'ono, batani lalikulu lowala latulukira pakati, kakuti "ayi" kali kakang'ono pakona. Ndinapirira masiku khumi ndi awiri. Usiku wina ndinadina. Mipata isanu ija sinakwane, ndinadinanso. Kachitatu ndinamaliza. Sikirini inadzaza nyenyezi ndi mawu ondiyamikira, koma mumtima munali zii. Ndinaiika foni pansi n'kukhala phee mumdima. Chimwemwe chimene ndinamva tsiku limene bambo analoza timiyala tobiriwira tija panalibe ngakhale pang'ono. Patangopita masiku anayi ndinatsekerezedwanso pa levulo ina, batani lomwe lija lili pomwepo kundidikira.

Apa ndiye ndilankhula mosapsatira. Gemu imene imakutsekereza kenaka n'kukugulitsa kiyi yasiya kukhala gemu ya nzeru. Pa bolodi la timiyala, zimene uli nazo m'manja ndi zimene ukuziona basi. Zimene zigwe kuchokera pamwamba sungazidziwe, ndipo pa malevulo ovuta ndi zimenezo zimene zimagamula. Ukhoza kusuntha mwanzeru kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma ngati zogwazo sizinakukomere, wagwa nayo. Ndiye kulephera kwanu kwa masabata atatu sikukunena chilichonse chokhudza mutu wanu. Ndipo kutsala pang'onong'ono kuja ndiko kumapweteka kwambiri. Munthu akalephera kutalitali amangoti zakanika, n'kupita kukagona. Akatsala ndi kabokosi kamodzi amamva ngati chinthu chake chomwe chalandidwa, ndipo amafuna kuchitenga pompo. Ofufuza za juga anaziona kalekale zimenezi pa makina amene amaonetsa zithunzi ziwiri zofanana, chachitatu n'kuphonya pang'ono: wosewera saleka, amaponyanso ndalama. Mkwiyo umene mukuchita nawo manyaziwo ndi umene batani lija limadalira.

Kapangidwe ka magemu kameneka kali poyera, aliyense akhoza kukaona. Bejeweled ya kampani ya PopCap, imene inatchukitsa zolumikiza zitatuzi cha mu 2001, unkaiyesa kwaulere, ukaikonda n'kugula kamodzi, basi yako. Candy Crush Saga ya kampani ya King inatuluka mu 2012 ndi njira ina: kuitenga n'kwaulere, uli ndi miyoyo isanu, ukalephera levulo umataya umodzi, ndipo umodzi umabwerera pakatha mphindi 30. Wosafuna kudikira akhoza kulipira. Mu 2016 Activision Blizzard inagula King ndi madola 5.9 biliyoni. Ndalama zotere pa gemu yaulere zimachokera kwa anthu amene, pa ola linalake la usiku, anatopa kudikira. Makampani ena ambiri ataona zimenezo anatsatira njira yomweyo, ena n'kuwonjezera zotsatsa malonda za masekondi 30 pakati pa levulo iliyonse.

Wina anganditsutse kuti opanga magemu nawonso ayenera kudya. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Alexey Pajitnov anapanga Tetris ku Moscow mu 1984, pa kompyuta yotchedwa Elektronika 60 imene sinkatha n'komwe kujambula zithunzi, moti tizidutswa take anatipanga ndi zizindikiro za pa kiyibodi. Gemuyo inafalikira dziko lonse, inachititsa kuti timakina tosewerera ta m'manja totchedwa Game Boy tigulidwe mamiliyoni kuyambira 1989, koma mwini wakeyo sanayambe kulandira gawo lake mpaka 1996. Zimenezo zimandiwawa. Munthu amene wakupatsa chisangalalo ayenera kulipidwa. Ine ndimagula magemu, ndipo ndimagula mokondwa pamene mtengo wanenedwa poyera, kamodzi, ndisanayambe. Chimene ndikukana ndi kundipempha ndalama pa mphindi imene mtima wanga uli m'mwamba ndipo sindikuganiza bwino.

Taonani Tetris yomweyo. Tizidutswa ndi ta mitundu 7 yokha, kalikonse ka timabokosi 4. Palibe amene amaiwina mwa masiku onse. Liwiro limangokwera mpaka mulu ufike pamwamba. Zinatenga zaka zoposa 30 kuti munthu afike pamene Tetris ya pa makina a Nintendo otchedwa NES imaima yokha chifukwa chosokonezeka, ndipo anachita zimenezo ndi Willis Gibson, mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, mu December 2023, pa levulo 157. Tonsefe timalephera nthawi iliyonse imene tasewera. Koma sindinapsepo mtima ndi Tetris monga ndinapsera ndi timiyala tija. Mulu ukafika pamwamba ndimatha kuloza pamene ndinalakwitsa: apa ndinasiya dzenje, apa ndinadikira kandodo katali nthawi yaitali. Kulephera kotero kumandiphunzitsa kanthu, ndipo ndikayambiranso manja amakhala atachenjerako.

Ngakhale Minesweeper, gemu yosaka mabomba obisika m'timabokosi, imene ili ndi nkhanza zakezake, sindipsa nayo mtima chotero. Pa bolodi lalikulu pali mabomba 99. Ukhoza kuwerenga manambala mosamala kwa mphindi khumi, kuika timbendera pamalo pake, kenaka pakona n'kutsala timabokosi tiwiri, bomba lili mu kamodzi, ndipo palibe nambala imene ingakuuze kuti ndi kati. Umangotseka maso n'kudina. Zimapweteka, inde. Koma ikaphulika yaphulika, palibe amene amatulukira kuti akugulitse mwayi wina.

Zimene ndimasewera masiku ano

FreeCell ndiyo yoyamba, chifukwa cha bambo. Sudoku, ya kudzaza manambala m'timabokosi, papepala kapena pafoni, chifukwa yopangidwa bwino imakhala ndi yankho limodzi ndipo sufunika kulota. Ndiponso Wordle, imene Josh Wardle anapangira wokondedwa wake asanaitulutse kwa anthu onse mu October 2021, The New York Times n'kudzaigula mu January 2022. Liwu limodzi la zilembo zisanu pa tsiku, mipata isanu ndi umodzi yoyesera, ukatha watha mpaka mawa. Ndi ya Chingerezi, ndiye si onse angaikonde, koma chimene ndimailemekezera n'choti imandiuza yokha kuti lero zakwana, pita ukachite zina. Ndimalakalaka magemu ambiri akanakhala ndi ulemu umenewo pa nthawi ya munthu.

Tsono kwa inu, mayi. Musagule. Lowani m'masetingi a foni muike kuti kugula kulikonse kuzifuna pasiwedi, ndipo muzimitse timauthenga tokuitanani kuti miyoyo yadzaza. Levuloyo isiyeni masiku atatu kapena anayi. Mukabwerera, sunthani kwambiri cha m'munsi mwa bolodi kuti zogwa zizilumikizana zokha, ndipo timiyala tapadera musamatiphulitse kamodzikamodzi, dikirani tiyandikane muphulitse pamodzi. Tsiku lina zogwazo zidzakukomerani. Ngati pa masiku anayiwo mwaona kuti mtima wapepuka ndipo simukuisowa, ichotseni.

Yanga ija ndinaichotsa, ngakhale chala chinazengereza pa batani, poti inali gemu ya usiku uja wa m'chipatala. Bambo maso awo afooka tsopano, makadi a pa foni sawaona bwino, ndiye ndikapita kukawaona ndimatenga laputopu n'kukulitsa sikirini. Ine ndimagwira mausi, iwo amaloza ndi chala. Lamlungu lapitali tinakhala pa gemu imodzi ya FreeCell pafupifupi ola lathunthu, timipata tonse tinayi ta pamwamba tosungiramo makadi titadzaza, ine ndikuti tiyambirenso. Iwo anakana. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anati, "Bweza katatu. Seveni yakuda ija tinaichotsa msanga."