Pa za masainasi, ine ndikuti lembani za Valerie Lund

Achemwali, mwafunsa kuti musankhe ndani pa ntchito imene akupatsani kusukulu, yolemba za katswiri yemwe kafukufuku wake anasintha opaleshoni ya mphuno ndi masainasi, timphako ta mpweya ta m'mafupa a nkhope tolumikizana ndi mphuno. Ine ndikuti tengani Valerie Lund wa ku University College London. Ena muno atchula kale Messerklinger ndi Kennedy. Sanalakwitse ayi, koma tamvani kaye mbali yanga.

Walter Messerklinger wa ku Graz, m'dziko la Austria, ndi amene anaonetsa kuti mamina a m'masainasi ali ndi njira yawoyawo. Timaubweya ting'onoting'ono timawakankhira ku kabowo kachibadwa, moti ngakhale dokotala aboole kwina m'munsi kuti mafinya azitsika, mamina amalambalala n'kukwererabe kukabowo kawo komweko. Apa m'pamene madokotala anayamba kusiya kucheka kuseri kwa mlomo wam'mwamba n'kupala zonse, monga ankachitira pa opaleshoni yakale yotchedwa Caldwell-Luc, n'kuyamba kulowa m'mphuno ndi kakamera kukangotsegula potsekekapo. Wophunzira wa Messerklinger, Heinz Stammberger, anafalitsa njirayi, ndipo David Kennedy anaitcha FESS mu 1985 ali ku Johns Hopkins. Zimenezi ziikeni koyambirira, mwachidule.

Vuto linatsala linali la muyeso. Dokotala aliyense ankati odwala ake akuchira, koma panalibe poyerekezera, chifukwa wina akhoza kuti wachiritsa ambiri pomwe ankangolandira a matenda ochepa. Mu 1993 Lund ndi Ian Mackay anatulutsa njira yowerengera zomwe zikuoneka pa sikani ya CT, yojambula mkati mwa thupi. Mbali iliyonse ya nkhope, masainasi asanu amapatsidwa 0 ngati ali oyera, 1 ngati atsekeka pang'ono, 2 ngati atsekekeratu. Pamphambano pomwe mamina amatulukira pamapatsidwa 0 kapena 2 basi. Mbali ziwirizo zikaphatikizidwa, nambala yaikulu ndi 24. N'zosavuta, wophunzira amazigwira tsiku lomwelo, ndipo kusavutako n'kumene kunachititsa kuti ofufuza a m'maiko osiyanasiyana aziyankhula chimodzi mpaka lero. Koma mulembenso kufooka kwake: nambalayi siyenderana kwenikweni ndi mmene wodwala akumvera, ndipo munthu wabwinobwino amathanso kupezeka ndi manambala angapo. Aphunzitsi amakondwa akaona kuti simukungotamanda.

Chachikulu kwa ine ndi EPOS, malangizo a ku Ulaya a matenda a masainasi, omwe Lund ndi mmodzi mwa alembi ake akuluakulu pamodzi ndi Wytske Fokkens wa ku Amsterdam. Apa ntchito yake ikufika mpaka kwathu kuno. Ku Makanjira kapena ku Namwera simukawerengera 24 ija popanda sikani ya CT, koma mungathe kufunsa wodwala ngati kutseka kwa mphuno, mamina, kupweteka kwa nkhope kapena kusamva fungo zatha milungu 12. Zikatero ndi matenda okhalitsa, ndipo choyambira si opaleshoni koma kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere ndi kupopera mankhwala a steroid ochepetsa kutupa. Chimfine wamba cha masiku osapitirira 10 sichifuna amoxicillin, ngakhale mudziwa mmene anthu amaupemphera nyengo ya mwera, fumbi ndi utsi wowambira nsomba zikavuta. Malangizowa amanenanso za oyenera kutumizidwa msanga: wotseka mphuno mbali imodzi yokha, wotuluka magazi, wotupa diso kapena woona zinthu ziwiriziwiri. Ameneyo musamusunge, alembereni kalata apite kwa madokotala a khutu, mphuno ndi mmero ku Queens.

Za kuchuluka kwa anthu amene anatchula mapepala a Lund, onani nokha pa tsamba lofufuzira la Google Scholar tsiku lomwe mukulembalo, chifukwa manambalawo amasintha. Chiganizo chimodzi chikwana, malo ambiri apite ku zomwe zinasintha m'chipatala.

EPOS ya 2020 ili pa intaneti yaulere, m'magazini ya Rhinology. Ili ndi masamba oposa 400, ndiye musathere bandulo ndi tulo poiwerenga yonse. Yambani ndi chidule cha kumayambiriro, kenako mufufuze pepala la 1993 lija pa PubMed, tsamba lofufuzira mapepala a zachipatala. Mukalemba ndime ziwiri zoyamba muponye muno tikuonereni.