Funsani Akatswiri: Vidiyo Ichepe Koma Nkhope Zizioneka

Funso: Ndimajambula maukwati ku Ulongué. Vidiyo ya maola awiri imatuluka ya 15 GB, ndipo pa flash ya eni ukwati imakana kulowa ngakhale malo alipo. Ndikaichepetsa, nkhope za anthu zimasanduka timabokosi. Nditani? Wojambula, Angónia

Yankho: Achimwene, flash yanuyo siyakufa. Zambiri zimagulitsidwa zili pa FAT32, njira yosungira mafayilo yomwe silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Mukhoza kuisinthira ku exFAT, koma ma TV ena akale saiwerenga, ndiye ndi bwino kungochepetsa vidiyoyo.

Kukula kwa fayilo kumadalira bitrate (kuchuluka kwa ma bit a data pa sekondi iliyonse, koyezedwa mu Mbps kapena kbps) ndi kutalika kwa vidiyo basi. Chulukitsani ma Mbps ndi masekondi, kenako gawani ndi 8, mupeza ma MB. Maola awiri ndi masekondi 7,200. Kamera yanu ikulemba pafupifupi 17 Mbps, n'chifukwa chake mukupeza 15 GB. Mukatsitsa zithunzi kufika 4,000 kbps (4 Mbps), mawu 128 kbps, fayilo ikhala pafupifupi 3.7 GB ndipo ilowa.

Mu HandBrake, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yochepetsera mavidiyo, sankhani MP4 ndi H.264 (njira yofinyira vidiyo), lembani 4000 pa Avg Bitrate, ndipo mulole kuti idutse vidiyoyo kawiri. Ulendo woyamba imangoona pomwe pali gule ndi pomwe abusa angoima akulalikira. Ulendo wachiwiri imapereka ma bit ambiri kwa ovina, ochepa ku ulaliki. Preset ikhale Slow. Kompyuta ichedwa ndithu, mwina usiku wonse ngati ndi yakale, koma chithunzi chituluka chosalala pa kukula komweko.

Timabokosi timabwera ma bit akachepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa madontho a chithunzi. Ngati 1080p ikusweka, tsikirani ku 720p, yomwe ili ndi madontho osakwana theka la a 1080p. Kwa ife, 720p yoyera imaposa 1080p yamabokosi, ndipo pa TV ya pabalaza palibe mlendo angazindikire. Chinanso: nthawi zonse yambirani pa fayilo ya mu kamera. Kuchepetsa vidiyo yochepetsedwa kale kuli ngati kufotokopa fotokope.

Funso: Kwaya yathu ya ku Furancungo imatumiza mavidiyo pa WhatsApp, koma amafika osaoneka bwino, makamaka ojambulidwa madzulo. Data nayonso ikutha msanga. Mayi wa kwaya, Macanga

Yankho: Amayi, WhatsApp imafinyanso vidiyo iliyonse yotumizidwa mwachizolowezi. Mukaitumiza ngati Document imafika mmene ilili, mpaka 2 GB, koma data yonseyo mulipira ndinu pamodzi ndi olandira, kaya muli pa Movitel kaya Vodacom. Choncho ichepetseni kaye nokha mu HandBrake: 720p, H.264, Constant Quality pa RF 22 kapena 23. Nambala ya RF ikakwera, fayilo imachepa ndipo ubwino umatsika. Kuwonjezera 6 kumadula fayilo pafupifupi pakati. Mukapitirira 28 nkhope zimayamba kusungunuka. Mawu musawaumire, popeza kwaya ndi mawu: AAC 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB yokha pa mphindi.

Za madzulozo vuto limayambira pojambula. Kuwala kukachepa, kamera imadzaza chithunzi ndi timadontho tonga mchenga tosinthasintha, ndipo pulogalamu imawononga ma bit potisunga. Fumbi la povina, zitenje zamaluwa ang'onoang'ono ndi dzanja lonjenjemera zimachitanso chimodzimodzi. Jambulani dzuwa lisanalowe, foni itakhazikika pa tebulo kapena pa tripod, pa 25 kapena 30 fps (zithunzi pa sekondi) osati 60.

Funso: Ndamva kuti H.265 ndiyo yabwino. Ndisiye H.264? Mnyamata wa ku Moatize

Yankho: H.265, ya mu 2013, imatulutsa fayilo yaing'ono kuposa H.264 ya mu 2003 pa ubwino wofanana, koma imachedwa kukonza, ndipo mafoni ndi ma TV akale amangotulutsa mawu, chithunzi bii, kapena kukaniratu. Zosunga nokha ikani H.265, zopatsa makasitomala, H.264.