Kwa achemwali ofunsa za mapiritsi a antioxidant

Achemwali, mwati mayi wina wa kutchalitchi kwanu akukukakamizani botolo la mapiritsi a antioxidant pa R450, ati amatsuka magazi, amabweza ukalamba, amaletsanso khansa. Ndaona ena ayankha kuti "gulani basi", ena ati ndi utambwali. Mundipirire, yankho langa litalikako pang'ono, chifukwa nkhaniyi ili ndi zoona zake, koma zoonazo ndi zomwe ogulitsa amabisalamo.

Tiyambire pa mbaula. Thupi limawotcha nsima yomwe tadya pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, m'tizipinda ting'onoting'ono ta m'maselo totchedwa mitochondria. Moto uliwonse umathetheka mbaliwali, ndipo mbaliwali za moto wa m'thupiwu ndiwo ma free radical. Ndi timamolekyu tomwe tili ndi elekitironi imodzi yopanda inzake, ndiye sitikhazikika mpaka titalanda ina kwa aliyense woyandikana nato: mafuta okuta selo, mapuloteni, ngakhale DNA yeniyeniyo. Choopsa n'chakuti wolandidwayo nayenso amasanduka wolanda. Amene mudakhalapo m'mafulati a ku Hillbrow kuno ku Joni mukudziwa za pachingwe choyanikira: wina akutengera chopanira zovala, iwe utenga cha neba, neba atenga cha winanso, pofika madzulo zovala za fulati yonse zili pansi. Khungu la selo limawonongeka motero, molekyu ndi molekyu, mpaka kubooka.

Zimenezi mumaziona kukhitchini. Nsinjiro zikakhalitsa m'chigubu zimamveka fungo lachilendo ndi kuwawa, chimodzimodzi mafuta a pachiwaya okazingira tchipisi sabata yathunthu. Ndi okosijeni wagwira mafutawo. Peyala lodula limada, koma mukalifinyira ndimu limakhala nthawi lili lobiriwira.

Antioxidant ndi uja wokhala ndi chopanira chapadera m'thumba, amapereka osakalanda kwa wina, mkangano n'kuthera pomwepo. Vitamini E amakhala m'kati mwa mafuta okuta selo, ndipo akapereka chake amatha mphamvu. Apo vitamini C, yemwe amayenda m'madzi a m'thupi, amabwera kudzamubwezera, E uja n'kuyambanso ntchito. Amagwira mothandizana ngati pa dima, ndiye kumwa mmodzi yekha wochuluka sikutanthauza kuti munda ulimika msanga.

Koma chomwe mayi wa botolo sakuuzani n'chakuti alonda akuluakulu thupi limadzipangira lokha. Pali enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa superoxide dismutase, yomwe ntchito yake anaitulukira Joe McCord ndi Irwin Fridovich mu 1969. Iyo imagwira free radical wotchedwa superoxide n'kumusandutsa hydrogen peroxide. Kenako ina, catalase, imaphwanya peroxide uja kukhala madzi ndi okosijeni basi. Ngati muli ndi kabotolo ka peroxide kotsukira zilonda, dontherezani pa kachidutswa ka chiwindi chosaphika, muona thovu likutumphuka ngati thobwa losasa. Ndiye catalase ameneyo ali pantchito. Ma enzyme amenewa sathera pa free radical mmodzi, amabwereza ntchitoyo kosalekeza. Chomwe amafuna kwa ife ndi zipangizo: zinc, copper, manganese, iron, komanso selenium wa enzyme ina yotchedwa glutathione peroxidase. Mwa njira, dothi la madera ambiri kwathu ku Malawi lilibe selenium wokwanira, chimanga chakenso chimodzimodzi, ndiye usipa ndi mazira musazipeputse.

Tsono mapiritsi. Ganizo lakuti ma free radical ndi amene amatikalambitsa analibweretsa Denham Harman mu 1956, ndipo anthu anayembekeza kuti kumwa ma antioxidant ambiri kuteteza ku matenda. Anayesa. Ku Finland anatenga amuna osuta fodya oposa 29,000, ena n'kuwapatsa mapiritsi a beta-carotene, antioxidant wopezeka mu kaloti. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali itakwera ndi 18 peresenti mwa omwawo. Kafukufuku wina wofanana naye ku America, wotchedwa CARET, anamuimitsa mu 1996 nthawi isanakwane pa chifukwa chomwecho. Wina, SELECT, wa amuna pafupifupi 35,000, anapeza mu 2011 kuti omwa vitamini E anadwala khansa ya prostate mochuluka ndi 17 peresenti. Ine nditawerenga koyamba ndinagwira pakamwa, chifukwa nanenso ndinali ndi botolo langa pawindo.

China n'chakuti ma free radical si adani okhaokha. Maselo oyera a m'magazi amawapanga dala kuti aphere mabakiteriya. Vuto limabwera akachuluka kuposa alonda: fodya, mowa wa tsiku ndi tsiku, utsi wa mataxi pa siteji ya Bree kapena ya Noord, dzuwa lakuthwa la kuno kumtunda, ndi utsi wa mbaula kapena parafini m'chipinda chotseka mu June ndi July. Chomalizachi chimapha ndi usiku umodzi pa chifukwa chinanso, mpweya wa carbon monoxide, ndiye tulutsani mbaula musanagone.

R450 imeneyo mukapita nayo ku msika wa Yeoville pa Rockey Street mubwerako mutasenza. Bonongwe alipo, anzathu kuno amangoti morogo. Nkhwani, mpiru, tomato, kaloti, mbatata yofiira m'kati, malalanje a nyengo yozizira, magwafa omwe vitamini C wake amaposa wa lalanje, mtedza wa vitamini E. Wobwera pa basi kuchokera kumudzi mumutume malambe, omwewo amene azungu akuwagula ufa wake m'timapaketi todula. Tiyi wa rooibos nayenso ali ndi zake. Pempho langa ndi la soda: tikathira m'ndiwo zamasamba kuti zifewe, kapena kuziwiritsa mpaka zitasanduka zakuda n'kutaya madzi, vitamini C wambiri amapita. Therere lokha ndingakukhululukireni, nanenso sindingadye lopanda chidulo.

Sindikunena kuti piritsi lililonse ndi loipa. Woyembekezera amapatsidwa iron ndi folic acid ku kiliniki pa zifukwa zomveka, ndipo amene adokotala amupeza kuti chinachake chikumuperewera amwe ndithu. Koma ngati muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, samalani: mapiritsi okhala ndi calcium, iron kapena magnesium akamwedwa nthawi imodzi ndi mankhwalawo angathe kuwalepheretsa kulowa bwino m'magazi. Jambulani chikalata cha kumbuyo kwa botololo muwaonetse anesi tsiku lokatenga mankhwala, kapena tumizani muno tiwerengere limodzi zomwe alembapo.